Za chilonda cha opaleshoni ndi kulira kuja

Amayi anzanga, mwezi watha ndinafunsa ngati n'zachilendo kuti patatha masabata 3 chibadwire mwana wanga pa opaleshoni, chilonda chinkapwetekabe ndipo ndinkangolira popanda chifukwa. Ambiri munati ndisadikire tsiku lokapimidwa pakatha masabata 6 chiberekere, ndipite kuchipatala msanga. Ndinapita, ndipo zikomo kwambiri.

Chilonda chija chinali chitayamba kufiira m'mbali ndi kutuluka timafinya. Anamwino anachitsuka, anandipatsa mankhwala, pano chauma. Anandichenjeza kuti ndisanyamule chilichonse cholemera kuposa mwanayu, choncho ndowa ya madzi ndasiya kaye kusenza. Anandipatsanso mapiritsi owonjezera magazi poti ndinkachita chizungulire ndikadzuka.

Koma za kulira zija ndi zomwe zinandifika pamtima. Anamwinowo anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti kukhumudwa kwa masiku oyambirira kumatha kokha pasanathe masabata 2, koma kukapitirira pamenepo kungakhale matenda ovutika maganizo omwe amagwira amayi akabereka, ndipo amachizika. Ine nthawi yonseyi ndinkadziona ngati mayi woipa. Usiku ndinkamuyang'ana mwana ali m'tulo, mtima uli zii, kenako misozi chuchuchu, osauza munthu.

Anaitananso bambo ake a mwana n'kuwalankhula. Pano mwana akayamwa usiku amamutenga iwo, kumugeyetsa, ine n'kugona maola 3 osadzidzimuka. Apongozi nawo amandiphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa uliwonse. Masiku ena mtima umalemerabe, sindinganame, ndiye ndikupitiriza kukaonana ndi aphungu kuchipatala Lachinayi lililonse.