Bokosi lolembedwa "Johnston": tiyambire pati kusanja?

Wapalaibulale:
Akuluakulu, tithandizeni. Mu laibulale mwathu muli bokosi lolembedwa "Johnston" basi. Muli mapu atatu akale, zojambula pamanja za mbalame, ndi zithunzi zoposa 40. Kodi zonsezi n'za munthu mmodzi? Nanga tizisunge bwanji?

Mkalakale:
Musafulumire kuziika pansi pa dzina limodzi. Ngati m'munsi mwa mapu mwalembedwa "W. & A.K. Johnston", imeneyo ndi kampani yosindikiza mapu ya ku Edinburgh, ya abale awiri, William ndi Alexander Keith. Sikukhudzana ndi Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa ku Zomba kuyambira 1891 mpaka 1896. Harry ndiye ankajambula mbalame ndi nyama, ndipo zambiri zinatuluka m'buku lake la 1897, *British Central Africa*, choncho yerekezerani zanuzo ndi za m'bukumo. Palinso Keith Johnston, mwana wa Alexander, amene anamwalira ndi kamwazi mu 1879 ku Tanzania ali pa ulendo wopita ku nyanja yathuyi.

Chimene chimasokoneza anthu kwambiri ndi kumbuyo kwa zithunzi. Mawu akuti "Fort Johnston" ndi dzina la malo, Mangochi ya lero, osati la wojambula. Yang'ananinso chilembo "t": Johnson wopanda "t" pa chithunzi cha ku Likoma angakhale William Percival Johnson, m'mishonale wa UMCA, bungwe la amishonale a mpingo wa Anglican.

Wamapu:
Mapu opanda chaka amadziulula okha. Dzina loti British Central Africa Protectorate linagwira ntchito kuyambira 1893 mpaka 1907, kenako Nyasaland mpaka 1964. Mukaona njanji yochoka ku Port Herald (Nsanje ya lero) kufika ku Blantyre, mapuwo si akale kuposa 1908. Koma samalani, osindikiza ankachedwa kusintha mayina, ndiye dzina lakale silitsimikiza kuti mapu ndi akale.

Msungazakale:
Musanasunthe kanthu, jambulani bokosilo mmene lilili, ndipo chilichonse muchipatse nambala motsata mmene mwachipezera. Lembani kumbuyo, pakona, ndi pensulo yofewa ya 2B. Bolopeni imalowerera mpaka kutsogolo.

Chotsani mapini ndi mphira. Dzimbiri limadya pepala. Chonde, selotepi ayi, ndipo musamate mapu mu pulasitiki wotentha uja, chifukwa sizibwezeka. Mapu agone chafulati mu fayilo ya pepala lopanda asidi, osapitirira 10 mu fayilo imodzi. Opindidwa kale musawawongole mokakamiza, amathyoka pamzere.

Mdani wamkulu ndi chinyezi cha nthawi ya mvula. Chikapitirira 65 peresenti, chuku chimamera ndipo zithunzi zimamatirirana. Zomatiriranazo musazikanganule. Bokosi likhale pa shelefu ya chitsulo, masentimita 15 kuchoka pansi, losagunda khoma, kuti chiswe chikayamba kumanga muchione msanga. Pochita sikani, zithunzi zikhale pa 600 dpi (madontho 600 pa inchi iliyonse) mu TIFF (mtundu wa fayilo ya zithunzi pa kompyuta), mbali zonse ziwiri.