Ulendo wa ku Disney World wafika podula chonchi bwanji?

Make Atatu:
Akuluakulu, odziwa atithandize. Banja la anthu asanu lochokera ku UK, ana a zaka 2, 7 ndi 10, likufuna kupita ku Disney World ku Orlando, ku Florida m'dziko la America. Mitengo imene akutchula ogulitsa maulendo ndi yothawitsa munthu. Chakwera kwenikweni n'chiyani, nanga tingapungule pati?

Wazowerengera:
Mayi, anthu amangodandaula za tikiti ya pageti, koma ndalama zambiri zikuthera pa zinthu zimene kale zinali zaulere.

Tikitiyo inakwera ndithu. Pakiyi itatsegulidwa mu 1971 wamkulu ankalowa ndi $3.50, kungoti zokwera ankalipira padera. Mu 2015 ya Magic Kingdom, imodzi mwa mapaki a Disney World, inadutsa $100, ndipo mu 2025 tsiku limodzi linali pakati pa $119 ndi $199. Kuyambira 2018 mtengo umayendera deti, sabata ya Khirisimasi ndiye yodulitsitsa.

Tsono tamvani zimene zinachotsedwa. FastPass+, yopewera mizere italiitali, inali yaulere mpaka 2020. M'malo mwake mu 2021 kunabwera Genie+ ya $15 munthu mmodzi patsiku. Mu Julayi 2024 anaisintha n'kukhala Lightning Lane Multi Pass, imene mtengo wake umasiyana malinga ndi tsiku komanso paki, ndipo zokwera zotchuka kwambiri mulibemo, zimenezo mumagula Single Pass padera. Basi yaulere yochokera ku eyapoti, Magical Express, inasiya kuyenda mu Januwale 2022. Mukabwereka galimoto n'kumagona kunja kwa mahotela a Disney, poimika pokha mumalipira, mu 2025 panali $30 kapena kuposa patsiku. Musaiwalenso kuti ku America mtengo wolembedwa sukhala ndi msonkho. Ku Orange County, kumene kuli Orlando, amawonjezera 6.5% pa zogula, pahotela 12.5%.

Angoni a ku Leeds:
Apa mfundo ili pa zaka za anawo, Mayi. Wa zaka 10 amalipira ngati wamkulu, chifukwa mtengo wa ana ndi wa zaka 3 mpaka 9. Wosakwana zaka 3 amalowa ulere, ndiye pitani wamng'onoyo asanakwanitse.

Wa zaka 7 uja muyezeni msinkhu musanamugulire Lightning Lane. Chokwera cha Space Mountain chimafuna masentimita 112, cha TRON 122. Akaperewera amubwezera pakhomo, ndalama mutalipira kale.

Matikiti muguliretu ku UK. Okhala kuno amawagulitsa ya masiku 14 pa mtengo woyandikana ndi ya masiku 7, ndipo pageti simungaipeze. Lightning Lane musagule tsiku lililonse. Ku mapaki a Magic Kingdom ndi Hollywood Studios imathandiza, koma ku Animal Kingdom zokwera n'zochepa, ingolawirirani geti lisanatsegulidwe. Chakudya amalola kulowa nacho, bola pasakhale mabotolo agalasi kapena mowa. Madzi ozizira amapereka ulere m'malo ogulitsa zakudya zapompopompo mukapempha. Mukakhala pa tebulo loperekeredwa zakudya, konzani tipi, ndalama yothokozera woperekera, ya 18 mpaka 20%.

Masiku otchipa ndi kumapeto kwa Ogasiti ndi Seputembala, ana a ku Florida atabwerera kusukulu. Koma kumatentha koopsa, mvula ya mabingu imagwa pafupifupi masana alionse, komanso ndi nyengo ya namondwe. Kujombetsa ana mu Seputembala nako kuli ndi chindapusa ku England, £80 kholo lililonse pa mwana aliyense, ndipo chimafika £160 mukachedwa kulipira masiku 21.

Mlonda wa Mapasipoti:
Zonsezi n'zoona achimwene, koma mwayambira pakati. Mapasipoti ndi a dziko liti? Wa ku Britain amangofuna ESTA, chilolezo cholowera ku America chofunsira pa intaneti, imene inakwera kuchoka pa $21 kufika $40 mu Seputembala 2025. Wa ku Malawi kapena Zambia amafuna viza, ngakhale munthu akhale ndi chilolezo chokhazikika ku UK. Kufunsira kokha ndi $185 munthu mmodzi, yosabwezedwa akakukanani. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000 kwa nzika za mayiko awiriwa zofuna viza yokacheza, ndipo malamulowa akusinthasintha. Funsani kaye ku ofesi ya kazembe wa America. Matikiti a paki kawirikawiri sabweza ndalama, choncho musalipire chilichonse viza isanadindidwe m'pasipoti ya aliyense, ngakhale ya khandalo.