Bouzouki ya D-A-D: ndidziperekeze bwanji ndikamaimba ndekha?

Anzanga oimba, ndithandizeniko. Ndili ndi bouzouki (choimbira chokhala ngati gitala) ya ku Greece ya nsambo zisanu ndi imodzi zokhala ziwiriziwiri, yochunidwa D-A-D, mtundu umene woimba Markos Vamvakaris ankaimbira rebetiko (nyimbo za anthu wamba a m'matauni a ku Greece) ku doko la Piraeus m'zaka za m'ma 1930. Ndimaimba ndekha, palibe wa gitala wondiperekeza.

Nyimbo ikakhala mu D zimayenda bwino: zala zimathamanga pa nsambo zoonda, D wamkulu ndi A akungolira osagwidwa, mawu n'kudzaza chipinda chonse. Koma ndikangosamukira mu G, A uja amasokoneza zonse. Kodi inu mumamutseka ndi chala, kapena mumachuna nsambo mwina, monga ankachitira akale aja?

Chinanso, pa zeibekiko, gule wa ku Greece amene kugunda kwake kumawerengedwa mpaka 9, nsambo yaikulu mumaimenya kangati? Ine ndikaimenya pafupipafupi nyimbo imamira, ndikachepetsa imamveka yamaliseche.