Kamwana ka hatchi kabadwa miyendo yakutsogolo yopindika

Chimwemwe (Robertson): Akuluakulu thandizeni. Hatchi yathu yaswa cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, koma kamwana miyendo yakutsogolo yapindikira m'mabondo, sikuwongoka. Pano 6 koloko, sikanaime, sikanayamwe. Abwana kulibe, dokotala wa ziweto akuti afika 10 koloko. Ndimange mabandeji?

Madala Phiri (Mooi River): Miyendoyo isiyeni kaye achimwene. Kamwana kabwinobwino kamaima pa ola limodzi, n'kuyamwa pa maola awiri. Inu atatu akwana kale. Chimene chingakaphe ndi kusowa mkaka woyamba uja wachikasu, chifukwa chitetezo chonse chili mmenemo, ndipo matumbo ake amachilandira bwino maola 12 oyambirira basi. Pofika 24 khomo latsekeka. Kamani mayiyo m'chiwiya choyera, mukamwetse ndi botolo pang'onopang'ono, katakhala tsonga chogonera chifuwa, osati chammbali.

Yohane: Ine chaka chatha ndinangomangirira paipi ya PVC, patatha masiku angapo kanawongoka.

Madala Phiri (Mooi River): Munali ndi mwayi a Yohane. Khungu la timeneti ndi lofewa kwambiri. Paipi yopanda thonje lokwanira, kapena kuisiya osamasula, imaboola zilonda zovuta kuposa kupindikako. Ndinaonapo kena kakuwola mwendo chifukwa cha changu chomwechi.

Mai Banda (Kyalami): Komanso muonetsetse kuti ndi mitsempha yokungika, osati yolefuka. Yolefuka kamfundo kamagwera pansi, ziboda n'kuyang'ana kumwamba, imeneyo mukaimanga mwaiwonjezera ulesi. Yanuyo ngati yakungikadi, dokotala mwina abaya mankhwala otchedwa oxytetracycline mumtsempha wa magazi kuti yokungikayo ifewe. Musabaye nokha chonde, pa kamwana kopanda madzi m'thupi imawononga impso.

Chimwemwe (Robertson): Yokungika mayi, ndikaikoka ikubwerera. Ndakama, kakuyamwa botolo mwamphamvu ndithu.

Mai Banda (Kyalami): Yang'anani mphuno pamene kakumeza. Mkaka ukamatulukira mmenemo lekani pomwepo, pena amabadwa kumwamba kwa m'kamwa kong'ambika ndipo mkaka umalowa m'mapapo. Pamenepo mudikire dokotala adzakamwetse ndi chubu.

Chimwemwe (Robertson): Mphuno zouma. Nsengwa nayo inatuluka, ndaisunga m'ndowa kuti dokotala aione.

Madala Phiri (Mooi River): Mwachita bwino. Muzikamwetsa ola lililonse, muzikatembenuza pa udzu wouma. Dokotala akafika mumukumbutse kudzayeza magazi madzulo ano kapena mawa m'mawa, aone ngati chitetezo chalowa mokwanira.

Chimwemwe (Robertson): Wangoimba kumene, akuti wanyamuka msanga, afika 8 koloko. Ndikupita kukakamanso.