Corolla AE100 ikumazima ikatentha, ndigule pampu?

Wa_AE100: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto ndi Toyota Corolla AE100 ya 1994, injini 5A-FE, yamagiya osintha pamanja. M'mawa imalira kamodzin'kamodzi. Koma ikayenda mphindi 20 kapena 30 imangozima, nthawi zina ili pa liwiro ndithu. Sitata imapukusa bwinobwino koma injini siigwira mpaka itapuma kwa mphindi 15. Komanso ndikaponda klatchi pofika pamphambano imanjenjemera ngati ikufuna kuzima. Mapulagi ndi fyuluta ya petulo ndasintha kale. Amakaniko akuti ndigule pampu ya petulo. Ndigule?

Sipanala12: Musagule kaye achimwene. Injini ikazima imakhala yasowa chimodzi mwa zitatu: moto, mafuta kapena mpweya, ndipo kazimidwe kake kamaulula. Ikayamba yatsamwa, kudukiza, mphamvu n'kumatha pang'onopang'ono, kawirikawiri ndi mafuta. Ikazima mwadzidzidzi ngati munthu wapotokola kiyi, muvi wa rev n'kugwera pa 0 nthawi yomweyo, ganizirani za moto.

Pa injini imeneyi koyilo ndi igniter (kachipangizo kamene kamalamula koyilo kutulutsa moto) zili m'kati mwa distributa, pamalo otentha kwambiri. Koyilo ikakalamba, timawaya take timalekana ikatentha, ikazizira timagundananso. N'chifukwa chake kuyeza galimoto ili yozizira pagalaja kumanamiza. Yezani nthawi imene yakana kulira. Muziyenda ndi pulagi yapadera: zulani waya mmodzi wa pulagi, lowetsanimo pulagiyo, igunditseni pachitsulo cha injini, wina apukuse sitata masekondi awiri okha. Moto wabuluu wothetheka ndiye wabwino. Pakapanda moto, pampu ilibe mlandu.

Funsaninso kompyuta ya galimotoyo, sipafunika makina. Kubonet kuli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Lumikizani mabowo ake a TE1 ndi E1 ndi kawaya, tsegulani kiyi pa ON osaliza injini, muwerenge kuphethira kwa nyali ya check engine. Ikaphethira kamodzi, n'kupuma pang'ono, n'kuphethira kanayi, ndiye kuti nambala ya cholakwa ndi 14. Ikamangophethira mofulumira osapuma, palibe cholakwa chimene yasunga. Musachotse batire musanawerenge, mungafufute zonse.

Mai_AutoElec: Zonsezo n'zoona, koma pampu tisaichotseretu pamlandu. Nayonso ikatha imafooka ikatentha, makamaka kwa oyenda ndi thanki ili pansi nthawi zonse, poti petulo yemweyo ndi amene amaiziziritsa. Petulo wa m'zigubu nayenso amabwera ndi madzi ndi zinyalala zimene zimatseka kasefa ka kunsi kwa pampu, m'thanki momwemo. Fyuluta mwasinthayo ndi ina, kasefa aka anthu amakaiwala.

Kuyeza kwake n'kosavuta. M'kabokosi komweko lumikizani mabowo a +B ndi FP, kiyi pa ON. Pampu iyenera kumveka kulira kumpando wakumbuyo. Samalani kuti kawayako kasakhudze mabowo ena, +B ili ndi magetsi. Kulira kokha sikokwanira, pezani makaniko amene ali ndi geji: presha ikhale pakati pa 2.7 ndi 3 bar. Ikatsikira cha ku 2 galimoto itatentha, pamenepo mwapeza chifukwa chogulira pampu. Ntchito ya petulo igwiridwe panja, kutali ndi fodya ndi mbaula.

Wa_AE100: Zikomo kwambiri. Ndayeza itazima: papulagi palibe moto, pampu ikulira, nyali ikupereka 14.

Sipanala12: Ndiye ndalama ya pampu isungeni. Nambala 14 ikutanthauza kuti kompyuta inalamula moto koma igniter sinayankhe kuti moto watuluka. Yankho limenelo likasowa, kompyuta imadula ma injector (timipopi topopera petulo mu injini) dala kuti petulo asadzaze m'masilinda, n'chifukwa chake ena amasokonezeka n'kumati vuto ndi mafuta.

Yambani ndi zaulere. Onani soketi za padistributa ngati zachita dzimbiri kapena kukhwefuka, ndi mawaya a earth omangidwa painjini. Kenako tsegulani kapu ya distributa. Mukapezamo oyilo, seal ya pashafti yatha, ndipo oyilo ameneyo ndi amene amawononga koyilo. Mukasintha koyilo yokha osasintha seal, vuto lidzabweranso. Yang'anitsitsani koyiloyo: mng'alu, kapena kamzere kotuwa ngati phulusa, ndi njira imene moto umathawira. Yezaninso mawaya a mapulagi ndi mita, aliyense asapitirire 25 kΩ. Waya woduka m'kati amaumiriza koyilo kupanga moto wamphamvu koposa, ndipo yatsopanoyo ingapsenso msanga.

Ngati mukugula distributa yonse yakale kwa ogulitsa zipangizo, tengani yanuyo mukafanizire nambala ndi soketi, chifukwa si onse a 5A-FE amene amafanana. Musanamasule yakaleyo lembani chizindikiro pamene yakhalira. Mukamanga, timing (nthawi yotulukira moto) itcheredwe ndi timing light pa madigiri 10 BTDC (pisitoni isanafike pamwamba penipeni), injini itatentha, TE1 ndi E1 zili zolumikizidwa. Kutchera ndi khutu kumadyetsa mafuta. Pomaliza zulani fyuzi ya EFI kwa masekondi oposa 10 kuti 14 ifufutike, muyende, muwerengenso.

Mkulu_wa_Galaja: Kunjenjemera kwa pamphambano kuja musadabwe kukatsala, mwina ndi nthenda ina. Mukachotsa phazi pa accelerator, mpweya umadutsira pa valavu ya idle (kulira kwa injini musanaponde moto) imene ili kunsi kwa throttle body (khomo lolowera mpweya mu injini), ndipo pagalimoto ya zaka zimenezi imakhala itadzaza mwaye. Imasuleni injini itazizira, poti pamadutsa timapaipi ta madzi, muitsuke ndi carb cleaner mpaka izizungulira momasuka, muikenso gasket yatsopano. Kasikuluwu koimitsa throttle musakakhudze, mungasokoneze TPS, sensa imene imauza kompyuta mmene throttle yatsekukira. Onaninso timapaipi ta vacuum, makamaka kopita ku MAP sensor (yoyeza presha ya mpweya wolowa mu injini) ndi paipi yaikulu ya booster ya mabuleki: ikang'aluka, idle imasokonekera. Ikakhala bwino, idle izikhala cha pa 700 mpaka 800 rpm itatentha, magetsi ndi AC zili zozimitsa.