Ufa woyera wa nsima ndingaupeze kuti kuno ku China?

Moni nonse abale anga muli kuno ku China. Ndimaphunzitsa Chingerezi ku Chengdu. Pa tchuthi cha Chaka Chatsopano cha kuno, banja la mphunzitsi mnzanga linandisunga masiku 3, kundidyetsa soseji ya tsabola ndi tangyuan (timipira ta ufa wa mpunga) ngati mwana wawo. Ndikufuna kuwathokoza powaphikira nsima ya nkhuku, koma ufa wandivuta.

Kumsika ndinagula wachikasu uja amaphikira phala, nsima yake inali yokhakhala kuposa ya mgaiwa. Wa pa intaneti unangomata pamthiko ngati ulimbo. Ndamva kuti ku Xiaobei, ku Guangzhou, zakudya zakwathu zimapezeka, koma ndi kutali.

Alipo akudziwa wogulitsa ufa woyera amene angatumize kuno? Nanga posaka ndilembe chiyani m'Chitchaina? Alendowo ndawaitana kale Loweruka likubwerali.