Ndithandizeniko nzeru pa ntchito ya ubaunsa kuno ku UK

Abale anga amene muli kuno, makamaka inu amene mumaima pakhomo la makalabu ndi mabala usiku, ndikupempha nzeru zanu. Mng'ono wanga amulonjeza ntchito ya ubaunsa ku Leeds, koma akuti ayambe wapeza layisensi ya door supervisor (mlonda wa pakhomo) yochokera ku SIA, bungwe la boma lopereka malayisensi a ntchito za ulonda kuno. Tamva kale kuti amafuna munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo, kuti asanayambe maphunzirowo akhale ndi satifiketi ya first aid, ndiponso kuti layisensiyo imagwira ntchito zaka 3.

Chikundisowetsa tulo ndi ntchito yeniyeniyo. Kuona ma ID, kubweza amene waledzera kale, kusecha chikwama mwiniwake akalola, zonsezo n'zomveka. Nanga ndewu ikabuka m'kati, wina n'kutola botolo losweka, malire a baunsa amathera pati? Mnyamatayu ndi wamtima wapachala. Ndikuopa kuti angamugwire munthu mopitirira muyezo, iye n'kuthera m'manja mwa apolisi, layisensi n'kulandidwa. Kodi kumaphunziroko amawaphunzitsadi kuziziritsa mkangano ndi pakamwa pokha?

Chinanso, popeza sanakhalitse kuno, akufunika kalata ya polisi ya kumudzi yosonyeza kuti alibe mlandu. Inu munaipeza bwanji muli kuno?